Maliro a m'Shedi ya Thonje

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake chithunzi changa cha kunja, chija ndavala jekete lobwereka, sindichipachika pakhoma. Ndimakuyankhani kuti felemu inasweka. Felemu ili bwinobwino m'sutikesi kunsi kwa bedi. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ndipo palibenso bwana woti andilembere kalata yochenjeza, ndilembe zimene zinachitika. Za ubwana wanga ku Katete mukuzidziwa ndipo mulibe chachilendo, choncho ndiyambira pomwe boma linandipatsa tebulo.

Chaka choyamba pa ntchito, Petauke

Ananditumiza ku Petauke ngati wothandiza mu ofesi ya za chikhalidwe. Dzina la udindo linali lalitali kuposa ofesi yake. Kanali kachipinda komwe kale ankasungiramo mabuku odyedwa ndi chiswe, ndipo ndinapezamo mpando umodzi, ng'oma ziwiri zong'ambika ndi makina otayipira opanda riboni. Bwana wanga woyamba, a Simukonda, anandiuza ntchito yonse tsiku lomwelo. "Mwana wanga, ise amatikumbukila ngati kubwela mlendo wamkulu. Ukhale na magulu atatu ovina, okonzeka nthawi zonse. Kwasila, basi." Sananame. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndinali wokweza azimayi pa lole, kuwaimika padzuwa kuyambira m'mawa kudikira munthu wofika madzulo, kuti avine kanthawi kochepa iye akuyang'ana wotchi. Mafuta a galimoto kunalibe, mapepala kunalibe, malipoti ndinkalemba kuseri kwa mapepala akale a mayeso. M'zaka zimenezo ndinaphunzira chinthu chimodzi choipa: munthu wakumudzi ukamuuza kuti ndi ntchito ya boma amasiya khasu m'munda n'kubwera. Mawu amenewo anandizolowera pakamwa ngati moni.

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi, Nyimba

Anandisamutsira ku Nyimba kuti ndikagwirizire udindo wa ofesala wamkulu. Kugwirizira kumeneko kunatenga zaka zambiri moti anzanga anayamba kundiseka kuti manja atopa. Pamwamba panga panali a Chanda, ochokera kumpoto, bambo okonda tayi ndi maikolofoni. Sanali munthu woipa mtima, koma akamva kuti pali kamera ankayiwala ndi dzina la mkazi wawo.

Kumeneko ndi komwe ndinadziwana ndi amai Felesiya Daka a kudera la Luembe. Ndinawamva ndisanawaone. Tinapita kukakhuza maliro a mphunzitsi wina, ndipo tikadali kutali ndi mudzi ndinamva mawu a mzimayi akubuma, okwera pang'onopang'ono kenako n'kusweka, mpaka dalaivala wathu, yemwe sankamudziwa n'komwe malemuyo, anavula chisoti. Kumeneko pamaliro pamakhala mzimayi woyambitsa kulira, ena n'kumulandira, ndipo akalira mokwana mnzake amamugwira paphewa, kumukhazika pansi ndi kumupatsa madzi. Amai Daka ndiwo ankayambitsa m'midzi yonse yozungulira. Anali amasiye, aafupi, oseketsa kwambiri pakakhala palibe maliro, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha wotsala, Enelesi. Ndinawaika m'gulu langa la azimayi ndipo tinakhala pa chinzake. Ndikafika kwawo ankanditcha mlongo wawo wa ku boma.

Chaka cha makumi awiri ndi zinayi, chilimwe

Kunabwera mzimayi wachizungu ndi kalata zochokera ku Lusaka. Ntchito yake inali yopanga zinthu zokaonetsa m'zionetsero zazikulu za kunja, kumene luso lake silikhala chojambula chopachika pakhoma koma zipinda za makompyuta, magetsi ndi masipika zimene zimayankha munthu akasuntha. Ankafuna mawu a azimayi olira maliro ochokera m'mayiko angapo. Chifukwa cha mawaya amene ankakoka paliponse, azimayi a ku Luembe anamutcha aNyamawaya, ndipo ine ndimutchula choncho. Anali waulemu, ankavula nsapato polowa m'nyumba, ndipo chilichonse ankafunsa kawiri. Sindimuimba mlandu. Iye sankadziwa, ine ndinkadziwa.

Tinayesa kujambula pamaliro enieni, koma eni maliro anatibweza tisanatsitse ndi chikwama chomwe, ndipo anachita bwino. Masiku a mlendoyo anali kutha. A Chanda anandiitana n'kunena kuti, "Amai Mwale, uyu muntu akabwelela chabe, nizalemba mu lipoti kuti Nyimba ilibe chikhalidwe kapena ilibe ofesala. Sankhani." Nzeru yoti tikajambulire m'shedi yakale ya thonje, kutali ndi mudzi, inatuluka m'mutu mwanga ine, palibe anandiuza.

Amai Daka atamva anaseka poyamba, akuyesa ndikucheza. Ataona kuti sindikuseka anati, "Mama, mwewo muziwa. Munthu salila pakhomo palibe mtembo. Ukalila, mtembo ubwela. Newo ningachite lini."

Kwathu ku Katete ndi chimodzimodzi. Ine ndemwe, ndili mtsikana, ndinamenyedwapo chifukwa choyeserera kulira maliro pamasanje. Koma ndinali ndi satifiketi ndi chidindo, ndipo ndinkaganiza kuti zimenezo ndinazipitirira. Ndinawauza kuti mawuwo apita kutsidya la nyanja, kumene palibe wa ku Luembe adzawamve. Ndinawauza kuti alire amuna awo amene anamwalira kalekale, poti amenewo sangafenso kawiri. Ataumirirabe kukana ndinatulutsa mawu anga aja, kuti amai, ndi ntchito ya boma. Anapukuta chala pachitenje n'kudinda pafomu yovomereza kujambulidwa. Ndinawawerengera mzere wonena kuti tsiku lililonse akadzafuna kuti mawu awo achotsedwe, ofesi yanga idzalemba kalata ndipo adzachotsedwa. Pansi pa chala chawo ndinasainapo ine.

Tinapita masana, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala pansi pakati pa shedi, miyendo atatambasula, maikolofoni ili patsogolo pawo. Anayamba motsitsa, akutchula dzina la amuna awo, kuwafunsa kuti khasu lawo alisiyira ndani, kenako mawu anakwera mpaka malata analira. Sikunali kuyeserera ayi. Atafika poti mnzawo awagwire, ndinanyamuka, koma aNyamawaya anandikodola ndi dzanja kuti ndisasunthe, maikolofoni ingamve mapazi. Ndinakhalanso pansi. Analira okha mpaka mawu anawathera, anadzipukuta okha ndi nsonga ya chitenje. Potuluka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Palibe wanitonthoza." Ndinawapatsa botolo la madzi tili kale m'galimoto.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu, dzinja

Chionetsero chitatsegulidwa, aNyamawaya ananditumizira kanema pafoni. Chinali chipinda chamdima chokhala ndi mizati ingapo yokutidwa nsalu. Munthu akayandikira mzati, nsalu inkawala ndipo mzimayi ankayamba kulira. Akabwerera m'mbuyo, kulirako kunkazilala. Mzati wapakati unali wa amai Daka. Ine, chitsiru chonyada, ndinatenga foniyo n'kukaonetsa gulu la azimayi ku Luembe kuti aone komwe mnzawo wafika. M'kanemamo munali ana awiri achizungu akuthamangira kumzatiko n'kubwerera, kuthamangira n'kubwerera, kuwaliza ndi kuwaleketsa. Mwa azimayi a ku Luembe aja palibe anaombera m'manja. Mzimayi wina anafunsa kuti, "Alila kangati pa tsiku?" Ndinayankha kuti nthawi iliyonse munthu akafika pafupi. Amai Daka anadzuka n'kupita kumunda osatsanzika.

Pasanathe miyezi iwiri, Enelesi, yemwe anali ndi pakati, anayamba kutaya magazi mvula ili mkati. Anamukweza pangolo, mitsinje inali yodzaza, ndipo anatsirizikira panjira asanafike kuchipatala. Ine ndikudziwa chimene chinapha mwana ameneyo: mtunda ndi matope. Koma akuchimuna anali nalo kale yankho lawo, ndipo ndine ndinawabweretsera pafoni. Amai Daka atatsegula pakamwa kuti alire mwana wawo, malume a mkamwini wawo anaimirira pakhomo la siwa n'kunena kuti, "Mwewo munalila kale. Muchali kulila na lomba kwa azungu. Fumani pano." Anawakhazika kuseri kwa nkhokwe. Ndinawapeza kumeneko atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, mwana wawo akuikidwa popanda mawu awo. Kuyambira tsiku limenelo sankaloledwa kulowa m'nyumba ya maliro iliyonse, ndipo azimayi apakati akakumana nawo panjira ankapatuka.

Patapita milungu itatu amai Daka anabwera ku ofesi. Anayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, mapazi atatupa. Anakana mpando n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Sanandinene, ndipo zikanakhala bwino akanandinena. Anangoti, "Mlongo wanga, munaniuza kuti kuli kalata. Lembani. Nalema kulila. Muyende mukanitontholetse." Ndinailemba iwo ali pomwepo, ndinawawerengera, ndinadinda chidindo. Anachoka akuthokoza.

Kalatayo inayenera kudutsa patebulo la a Chanda. Anaiwerenga, anavula magalasi, n'kutulutsa m'diloo kalata ina imene inali itangofika. Chionetsero chinali kusamukira ku mzinda wachiwiri ndipo anatiitana tonse awiri, ndege ndi malo ogona zonse zawo. Munalinso mawu oti bungwe lina kumeneko likuganiza zotimangira nyumba ya chikhalidwe ku Nyimba, ya makompyuta ndi magetsi a dzuwa. "Amai Mwale," anatero, "mwagwilizila zaka zingati? Ine nalemba kale kuti akukhazikitseni pa udindo. Manje imwe mufuna kuuza aba bantu kuti tinabapatsa vintu vamalodza? Uja mwana anafa na msewu, imwe muziba, ine niziba. Ganizani bwino." Sanaing'ambe kalata yanga, sanandiletse kuitumiza. Anangoikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

Pano ndinene zoona, chifukwa ndi chimene ndalembera zonsezi. Nyumba ya chikhalidwe ndinkaifuna, udindo ndinkaufuna, koma chimene chinandigwira pakhosi ndi ndege. Zaka zonsezo ndikukweza anthu pa lole, ine sindinapitirirepo Lusaka. Ndinadziuza kuti nkhani yolemera chotere siyotumiza pakompyuta, ndi bwino ndikaipereke pamanja, maso ndi maso. Ndinaipinda kalatayo n'kuiika m'chikwama, pamodzi ndi pasipoti yatsopano.

Chaka chomwecho, kunja

Nyumba ya chionetsero inali yaikulu kuposa msika wa Petauke. Munali khoma limene linkatenga chithunzithunzi cha munthu n'kuchisandutsa mbalame, magalasi ovala kumaso okulowetsa pansi pa nyanja, ndi pansi pomwe pankamera maluwa a magetsi ukapondapo. A Chanda anajambulitsa pa chilichonse. Ine ndinafunafuna chipinda chamdima chija, ndipo nditachipeza ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndisanalowe. Nditayandikira mzati wapakati, nsalu inawala, ndipo amai Daka anayamba kuitana amuna awo pafupi ndi khutu langa, mawu omwe aja a m'shedi, ndi malata omwe akumveka. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwire paphewa, koma kuyandikira kwangako kunangowakweza mawu. Makinawo anawapanga choncho, kuti woyandikira kwambiri ndiye awalize kwambiri.

Ndisaname, si onse ankasewera. Pabenchi panali bambo wina wokalamba akulira mwakachetechete, ndipo aNyamawaya anandiuza kuti amabwera tsiku lililonse chimwalirire mkazi wake. Anandikumbatira, anandifunsa za amai Daka, ngati ali bwino, ngati Enelesi anachira bwino. Dzanja langa linali m'chikwama, litagwira kalata. Ndinati onse ali bwino, apereka moni. Madzulo ake ananditengera kutsogolo kwa anthu, anatchula dzina langa ndi la Nyimba, holo yonse inaomba m'manja, ndipo ine ndinamwetulira. Chithunzi chija anajambula nthawi imeneyo titatuluka panja. Masiku asanu ndinagona ndi kalatayo m'chipinda chimodzi, ndipo inakwera nane ndege pobwerera.

Nditafika ndinapita ku Luembe. Ndinali nditakonza zoti ndiwauze amai Daka kuti nkhaniyo ikuyenda, azungu akuiganizira. Koma atandiona anathamanga, mzimayi wamkulu, n'kudzagwada pamapazi panga anthu akuona. "Mwazimya?" Ndinati ndazimitsa. "Na manja anu?" Ndinati ndi manja anga. Anagwira manja angawo n'kuwaika pamutu pawo, kenako anaitana azimayi kuti adzamve okha kuchokera kwa munthu wa boma. Ndinabwereza pamaso pa onse. Mumtima ndinkati chionetsero chitha miyezi itatu, chikatha bodza langa lisanduka zoona, ndipo palibe adzadziwe. Anandikhulupirira chifukwa ndinali ndisanawanamizepo. Pamaliro otsatira analoledwa kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva kuti analira Enelesi tsiku limenelo, pamaliro a munthu wina, azimayi atawagwira uku ndi uku.

Chaka cha makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, nthawi yokolola

Chionetsero sichinathe. Anthu anachikonda, chinapita ku mzinda wachitatu, ndipo aNyamawaya anatumiza kanema watsopano kwa a Chanda. A Chanda sanandiuze ine. Pa tsiku la chionetsero cha zaulimi, alimi atadzaza m'holo ochokera m'madera onse, a Chanda anatseka mawindo ndi mabulangete n'kuyatsa pulojekita. Anagwira maikolofoni n'kulengeza kuti pamene tikukhala pano, mayi wathu wa ku Luembe akumveka mu mzinda wachitatu wa kunja, tsiku ndi tsiku, osapuma. Mawu a amai Daka anadzaza holo. Ndinali kutsogolo, pampando wa olemekezeka, ndipo nditacheuka ndinaona malume a mkamwini uja ataimirira kumbuyo, chisoti chili m'manja. Sankayang'ana kanema, ankayang'ana ine.

Mwezi womwewo m'mudzi mwa amai Daka munali mutamwalira mwana wakhanda. Sipanafunike zambiri. Anthu anati amai Daka anagwirizana ndi wa boma kuti anamize mudzi, alowenso m'nyumba za maliro ndi pakamwa pake poitana imfa. Sanawamenye. Anangowatulutsira katundu panja n'kusasula denga la nyumba yawo. Anapita kwa mlongo wawo kudera la Sandwe, kumene ngakhale galimoto ya boma imafika monyinyirika.

Kalata ija ndinaitumiza pakompyuta Lolemba lotsatira, osadutsa kwa a Chanda. Lachisanu yankho linali litabwera. Mzati wapakati anauchotsa tsiku lomwelo, aNyamawaya analemba mawu ambiri opepesa, ndipo kumapeto anafunsa funso limodzi, loti bwanji sindinamuuze pomwe tinali limodzi. Masiku anayi, ana anga. Chinthu chimene ndinachisunga m'chikwama kupitirira chaka chinatha m'masiku anayi, popanda wokangana nane. Nyumba ya chikhalidwe sinamangidwe, ndipo sindikhulupirira kuti ikanamangidwa. Pa udindo anandikhazikitsa ndithu, miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo a Chanda anagula zakumwa.

Ndinapempha aNyamawaya kuti andijambulire chipindacho mzatiwo utachotsedwa, ndipo ndinanyamuka ulendo wa ku Sandwe pa njinga yamoto yobwereka. Amai Daka ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde la kanyumba ka udzu, ataonda, tsitsi litayera lonse. Anandiyalira mphasa monga mlendo aliyense. Ndinawauza zonse, za ndege, za chikwama, za anthu a m'holo ya kunja ija akundiombera m'manja. Kenako ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa malo opanda kanthu pakati pa chipinda, munthu akudutsapo, popanda kulira kulikonse. Anayang'ana mpaka kanemayo anatha.

"Lomba mwazimya," anatero.

Ndinati inde amai, tsopano ndi zoona.

Anatola mtedza wina n'kuusenda. "Munaniuzapo kale," anatero. "Na manja anu."

Ndinalibe china chowaonetsa. Kanema wopanda mawu aliyense akhoza kujambula, ndipo munthu yekhayo amene akanawatsimikizira anali ine. Ndinakhala pamphasapo mpaka dzuwa linapendeka, tikukamba za mvula ndi mtengo wa feteleza, ndipo ponyamuka sananditche mlongo. Anati muyende bwino, amai Mwale.

Chaka choyamba nditapuma

Uthenga unandipeza kuno ku Petauke kuti amai Daka amwalira. Ndinafika ku Sandwe tsiku loika. Anthu anali ochepa, ndipo a ku Luembe, amene anawalirira abale awo kwa zaka zambiri, sanabwere ndi mmodzi yemwe. M'nyumba azimayi anali atangokhala, akuimba nyimbo ya tchalitchi motsitsa, chifukwa mbiri ya malemuyo inali itafika kale kumeneko ndipo palibe ankafuna kuyambitsa. Ine kubuma sindidziwa bwino, ndinakusiya kalekale nditayamba kuvala nsapato za mu ofesi. Koma ndinavula nsapatozo pakhomo, ndinakhala pansi pafupi ndi mutu wawo, ndinatambasula miyendo n'kuyamba. Ndinawatchula dzina, ndinatchula Enelesi, ndinanena zimene ndinachita mokweza kuti ndi amuna panja amve. Azimayi aja sankandidziwa, ndipo atamva zimene ndinkanena sanasunthe. Ndinalira mpaka mawu anandithera, palibe anandigwira paphewa, ndipo ndinadzipukuta ndekha ndi nsonga ya chitenje.

Chithunzicho mukadzachipeza musadzachipachike. Mudzayang'ane dzanja langa lamanzere, momwe lafinyira chikwama kukhwapa. Kalata ili mmenemo.